Mafuta a galimoto akasowa: mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Kasungu

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amamveka mobwerezabwereza pamzere wa mafuta, m'depoti, kuchigayo ndi pamisonkhano ya makalabu a alimi nthawi iliyonse mapampu akauma. Tayambira pa mafunso apafupi kenaka n'kulowa m'masamu. Pomwe talemba kuti "tiyerekeze", manambalawo ndi achitsanzo chabe, inu muikepo anu.

Kodi mafuta omwe timathira m'galimoto amachokera kuti?

Dziko la Malawi silikumba mafuta, ndipo lilibe fakitale yoyengera. Petulo, dizilo ndi palafini zimabwera zoyengayenga pa sitima zapamadzi n'kutsitsidwa pa madoko atatu: Dar es Salaam ku Tanzania, Beira ndi Nacala ku Mozambique. A ku Dar es Salaam amabwera pa mathanki, kulowera pachipata cha Songwe ku Karonga, kukwera Chiweta, kudutsa Mzuzu ndi Jenda mpaka kuno, ulendo woposa makilomita 1,500 kukafika ku Lilongwe. A ku Beira amadzera ku Tete n'kulowera ku Mwanza kapena ku Dedza. A ku Nacala ndi omwe amatha kukwera sitima yapamtunda kudzera ku Nayuchi.

Anzathu a ku Zambia ali ndi paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, a ku Zimbabwe ali ndi ina yochokera ku Beira. Ife tilibe. Lita iliyonse imafika pa matayala kapena pa njanji, ndiye chilichonse chotseka msewu chatsekanso pampu.

Amaitanitsa ndani, nanga mtengo amakhazikitsa ndani?

Oitanitsa akuluakulu ndi awiri: NOCMA, kampani ya boma yomwe inakhazikitsidwa mu 2010, ndi Petroleum Importers Limited, gulu la makampani ogulitsa mafuta lomwe ambiri amangoti PIL. Bungwe la MERA silimagula mafuta. Ntchito yake ndi kupereka ziphaso, kuona kuti malamulo akutsatidwa, ndi kulengeza mtengo wa pa pampu. Mtengowo ndi umodzi dziko lonse, ku Nsanje, ku Chitipa ngakhale pa Santhe.

NOCMA ndiyo imasamalanso nkhokwe za mafuta za dziko, zomwe zili ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Zonse pamodzi zimalowa malita 60 miliyoni. Patsiku dziko lino limamwa petulo pafupifupi malita 1 miliyoni ndi dizilo wochuluka chimodzimodzi, choncho nkhokwezo zitadzaza zingatisunge pafupifupi mwezi umodzi. Koma mlimi aliyense amadziwa kuti nkhokwe imapulumutsa ikakhala muli chimanga. Kuti idzaze pamafunika kugula mafuta a mwezi wathunthu pamwamba pa omwe tikumwa kale, ndipo ndalama zake ndi madola, omwe amasowa monga tafotokozera m'munsimu.

Mafuta akasowa, vuto limakhala lili pati kwenikweni?

Kawirikawiri silikhala kudoko. Mafuta padziko lapansi alipo, ndipo nthawi zina amakhala afika kale ku Beira kapena ku Dar es Salaam, akungodikira kulipiridwa. Vuto lalikulu ndi madola. Mwini mafuta kunjako salandira kwacha. Inu mumalipira makwacha pa pampu, kampani imatenga makwachawo kupita nawo kubanki kukagula madola, ndipo banki ikati madola palibe, makwacha aja amangokhala mu akaunti pomwe ngongole kunja ikukula. Wogulitsa akaona kuti katundu wa mwezi watha sanalipiridwe, amaleka kupereka pangongole n'kunena kuti ndalama patsogolo. Apo mathanki amaima mzere kudoko, madalaivala akugona m'galimoto masabata, ndipo patatha masiku ochepa mzere umenewo umaonekera kuno.

Chachiwiri ndi njira. Namondwe wa Idai atasakaza mzinda wa Beira mu Marichi 2019, njira ya kumeneko inasokonekera. Zipolowe zomwe zinabuka ku Mozambique chisankho cha mu Okutobala 2024 chitatha zinaimitsanso magalimoto akatundu. Mlatho umodzi ukakokoloka, kapena madalaivala akanyanyala ntchito, zotsatira zake ndi zomwezo.

Chachitatu ndi mtengo wa kunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, mgolo umodzi wa mafuta osayenga, womwe ndi malita 159, unapitirira madola 100. Madola omwewo omwe ankagula mathanki 10 anayamba kugula ochepera. Mavuto atatuwa amakonda kuyendera limodzi, koma loyambalo ndi lomwe limachititsa kuti kusowa kwa sabata imodzi kusanduke kwa miyezi.

Mathanki timawaona akudutsa pa M1 tsiku ndi tsiku. Bwanji satsitsa pano?

Funso limeneli limawawa kwambiri kuno chifukwa timawaona ndi maso. Thanki yochokera ku Songwe imakhala yomatidwa zidindo, ndipo mapepala ake amatchula depoti yomwe ikupita. Dalaivala sangatsegule panjira chifukwa choti waona mzere. Kudepoti mafuta amayezedwa kuchuluka ndi ubwino wake, petulo amasakanizidwa ndi ethanol, kenaka n'kugawidwa. Ndiye mafuta amatha kudutsa pa Kasungu lero kupita ku Lilongwe, n'kudzabwerera mkuja makilomita pafupifupi 130 omwewo. Dziwaninso kuti mathanki olowera kumpoto ambiri amakhala opanda kanthu, akukatenga.

Kuchuluka kwake nakonso kumapusitsa. Thanki imodzi imanyamula malita 30,000 mpaka 40,000, ndiye kuti dziko limwe bwino pamafunika mathanki oposa 50 tsiku lililonse, Lamulungu lomwe. Mukawerenga 15 pamsewu mumaona ngati ambiri, chikhalirecho sanafike ndi theka lomwe.

Akafika pa malo omwetsera, nthawi ya kusowa thanki imodzi imagawidwa malo awiri kapena atatu. Tiyerekeze kuti atsitsa petulo malita 10,000. Galimoto iliyonse ikamwa malita 30, ndi magalimoto 330 okha, osawerengera njinga zamoto zomwe zimakhala zaunjikana pampu yawo ngati njuchi. Atsitsa 10 koloko m'mawa, pofika 3 koloko wothira mafuta wakoleka paipi. Omwe ali kumbuyo sachoka. Amasiya galimoto pamzere, kutsekera mwala kutayala, n'kulemba mnyamata woti azilondera usiku.

Fodya wathu amagulidwa m'madola pa Chinkhoma. Madola amenewo amapita kuti?

Amalowa m'mabanki, ndipo ena mwa iwo ndi omwe amagula mafutawo. Kunena zoona, mlimi wa ku Chamama kapena ku Chulu ndi mmodzi mwa omwe amagulira dziko lino petulo, ngakhale iye alibe ndi njinga yomwe. Kungoti madolawo sakwana. Mu 2024 fodya yense wa pamsika anabweretsa madola ochepera pang'ono 400 miliyoni, pomwe mafuta okha amadya madola pafupifupi 600 miliyoni pachaka. Tikaphatikiza zonse, dziko limagula katundu wakunja wa madola pafupifupi 3 biliyoni koma limagulitsa wa pafupifupi 1 biliyoni. Pa madola ochepawo akulimbiranapo feteleza, mankhwala a m'zipatala, zipangizo za m'mafakitale ndi ngongole zakunja.

Palinso nkhani ya nyengo. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo n'kutsekedwa cha mu Ogasiti kapena Sepitembala. Madola amabwera miyezi imeneyo, koma mafuta timamwa chaka chonse. Msika ukangotsekedwa ndi pomwe feteleza wa dzinja amafunika kulipiridwa. N'chifukwa chake mizere imakonda kutalika kuyambira mu Okutobala kupita m'tsogolo, nthawi yomwe mlimi akufunitsitsa thiransipoti. Zambiri za mlimi zili pa funso lake m'munsimu.

Kugwa kwa kwacha kumalowapo bwanji?

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Katundu wa dola imodzi yemweyo, osasintha kalikonse kunja, anayamba kufuna K520 yapamwamba. Mwezi womwewo petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530, dizilo pa K1,920 kufika pa K2,734. Izi zinachitikanso mu Meyi 2022 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, komanso mu Meyi 2012 pomwe dola inachoka pa K168 kufika pa K250.

Za mu 2012 zinabwera pambuyo pa chaka chowawa. Mu 2011 fodya anagulidwa motchipa, maiko othandiza anaimitsa thandizo la bajeti, madola anasowa, mafuta nawo anasowa miyezi yambiri. Kusowa kumeneko kunali m'gulu la madandaulo a zionetsero za pa 20 Julayi 2011, zomwe zinaphetsa anthu 20.

Bwanji boma silingoletsa kukweza mtengo kuti anthu apume?

Limatero nthawi zina, koma ngongoleyo siifa, imangosamuka. Lamulo la kakhazikitsidwe ka mtengo limati mtengo wofikitsira mafuta m'dziko ukasintha ndi 5 peresenti, kukwera kapena kutsika, wa pa pampu nawo usinthe. Kusintha kukakhala kochepera apo, pali thumba lapadera la Price Stabilisation Fund lomwe limatseka mpatawo: mafuta akatchipa kunja thumbalo limasunga, akakwera limabwezera oitanitsa.

Thumbalo linapangidwira mipata ing'onoing'ono. Mtengo wa pa pampu ukaumitsidwa chaka chathunthu, monga zinakhalira chaka chonse cha 2024, pomwe ndalama zenizeni zogulira zikukwera, thumba limauma ndipo oitanitsa amagulitsa lita iliyonse moluza. Wamalonda woluza safulumira kukaoda katundu wina. Zotsatira zake, pachikwangwani pamakhala mtengo wokoma koma pampu youma, ndipo anthu amakagula kwa mavenda pamtengo wowirikiza kawiri kapena katatu. Ife timaona kuti kukweza pang'onopang'ono mafuta n'kumapezeka n'kopepukirako kusiyana ndi kuumitsa mtengo kenaka n'kudzakweza kamodzi ndi chibakera. Mtengo wotsika wa katundu yemwe palibe umapindulira okhawo odziwana ndi wogwira paipi.

Nanga za mafuta ozembetsedwa kupita ku Zambia ndi zoona?

Zimatengera mtengo. Petulo wathu akatchipa poyerekeza ndi wa ku Chipata kapena ku Lundazi, makamaka kwa munthu wosintha ndalama pamsika wachinyengo, zigubu zimawoloka malire kudzera njira zachidule, ndipo magalimoto akunja amabwera kudzadzazitsa kuno. Kuno kukauma, zigubu zomwezo zimatembenuka n'kumalowa. Maboma a m'malire monga Mchinji ndi Kasungu amayamba kuziona izi ena asanamve.

Ine ndilibe galimoto ngakhale njinga yamoto. Zikundikhudza bwanji?

Sopo, mchere, shuga, mafuta ophikira ndi simenti zomwe zili mugolosale ya pa Nkhamenya zinafika pa dizilo. Wagolosale akalipira thiransipoti yokwera amaigawira pa katundu aliyense, ndipo katundu akachedwa kufika, wochepa yemwe watsala amakweranso. Usipa wochokera ku Nkhotakota umakwera kawiri: boti la injini limamwa petulo, galimoto yobweretsa nayonso imamwa.

Kumidzi komwe magetsi sanafike, chigayo ndi cha dizilo. Chikaima, amayi amasenza chimanga mtunda wautali kukafuna cha magetsi, kapena kubwerera kumtondo. Komwe magetsi alipo, akathima, jenereta ya pachipatala, ya pa nsanja ya foni ndi ya pamalo opopera madzi zonse zimadalira dizilo yemweyo. Netiweki ikagwa, Airtel Money ndi Mpamba sizigwira, ndipo munthu amakhala ndi ndalama m'foni koma osagula kanthu.

Choopsa kwambiri ndi ambulansi. Mayi wovutika pobereka kuchipatala chaching'ono amafunika kufika kuchipatala cha boma m'maola ochepa. Ambulansi ikakhala pamzere, abale amasaka galimoto yahayala pamtengo wa nthawi ya kusowa, ndipo mbuzi imagulitsidwa usiku womwewo pamtengo wolira.

Aganyu nawo amaluza mwakachetechete. Lole yamchenga ikaima, omanga nyumba aima, wopereka matope waima, mayi wogulitsa mandasi pamalopo wabwerera nawo kunyumba.

Mtengo wa pa pampu sunasinthe. N'chifukwa chiyani minibasi ndi kabaza akweza?

Chifukwa mtengo womwe iwo akugulira si wa pachikwangwani. Tiyerekeze minibasi ya Kasungu–Lilongwe. Kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 260, ndipo ngati imayenda makilomita 9 pa lita, imamwa malita pafupifupi 30. Pa mtengo wa pa pampu wa mu 2024, K2,530 pa lita, ndi K75,900. Dalaivala akagula kwa mavenda pa K6,000 lita, ndi K180,000. Kusiyana kwake ndi K104,100. Anthu 15 popita ndi 15 pobwera ndi 30, ndiye aliyense ayenera kuonjezera pafupifupi K3,500 kuti galimoto ingobweza mafuta okha.

Akasankha kudikira wa pa pampu, amataya masiku. Minibasi yogona pamzere masiku awiri n'kugwira ntchito tsiku limodzi iyenera kupeza patsiku limodzilo tageti ya bwana, malipiro a dalaivala ndi kondakitala, inshuwalansi ndi ngongole ya galimoto za masiku atatu. Komanso magalimoto akachepa pamsewu okwera amalimbirana, ndipo apo, tisabise, ena amakweza kupitirira masamu ake poti mpata wapezeka.

Wakabaza zake n'zothina kwambiri. Njinga imayenda makilomita 35 mpaka 40 pa lita ndipo thanki yake ndi yaing'ono, sangasunge a sabata. Ambiri njingayo ndi yabwana kapena yangongole yolipira tsiku ndi tsiku, ndiye sangakhale pamzere. Amagula wa m'botolo n'kumukankhira wokwera.

Mlimi amaluza pati?

Mbali zonse ziwiri, pogula ndi pogulitsa. Izi ndi zomwe zimasiyanitsa mlimi ndi wagolosale: wagolosale amakankhira mtengo kwa wogula, mlimi alibe womukankhira.

Pogulitsa, mtengo wa soya, mtedza kapena chimanga umakhazikika kumsika waukulu, ndipo venda amachotsapo thiransipoti asanakuuzeni wake. Tiyerekeze lole ya matani 10, yonyamula matumba 200 a makilogalamu 50, ikuyenda makilomita 150 kupita ndi 150 kubwera, pa makilomita 4 pa lita. Ndi malita 75. Dizilo akakwera ndi K3,000 pa lita kwa mavenda, ulendowo wakwera ndi K225,000, kutanthauza K1,125 pa thumba, kapena K22 pa kilogalamu. Imeneyo imachoka kwa inu pasikelo. Koma chopweteka chenicheni si K22 ayi. Malole akachepa, kumudzi kumafika wogula mmodzi m'malo mwa asanu, ndipo wogula mmodzi amatchula mtengo womwe wafuna.

Fodya ali ndi vuto lakelake. Belo likadindidwa pa jeke liyenera kunyamuka. Likakhalitsa m'chigafa kapena pa lole yoima panja, limatha kuyamwa chinyezi n'kuchita nkhungu, kapena kuuma kwambiri n'kumafumbutuka, sikelo n'kutsika. Likafika mochedwa ku okushoni giredi yagwa, mwinanso kubwezedwa kuti mukasankhenso, pomwe chiwongoladzanja cha ngongole ya zipangizo chikuwerengedwabe ndipo matenanti akudikira malipiro awo.

Pogula, vuto ndi nthawi. Feteleza wokulitsa amafunika pobzala kapena chimanga chikangomera, wobereketsa patatha masabata pafupifupi atatu. Thumba lofika chimanga chitamasula kale ndi ndalama yotayika, ngakhale mutaligula motchipa. Mvula siidikira thanki ya ku Beira. A m'madimba othirira ndi pampu ya injini nawo amadziwa kuti tomato kapena chimanga chachiwisi chikakhala masiku anayi osamwa mu Okutobala, maluwa amayoyoka.

Chomwe chimathandiza ndi kusonkhanitsa katundu. Kalabu yodzaza lole imodzi imalipira mocheperapo pa thumba kusiyana ndi alimi 10 aliyense ndi kagalimoto kake, ndipo lole yomweyo ibwere ndi feteleza pobwerera m'malo mobwera yopanda kanthu. Ogula zipangizo msika wa fodya usanatsekedwe amapewa miyezi yovuta ija tatchula pa funso la Chinkhoma. Ngolo ya ng'ombe musaipeputse pa mtunda wa kumunda kukafika pamsewu waukulu.

Mafuta a mavenda amachokera kuti, ndipo ndi abwino?

Ambiri ndi a pa pampu pomwepo. Galimoto kapena njinga imadzazitsa, kupita kuseri, kupopera m'zigubu ndi paipi, n'kubwereranso pamzere. Ena amatuluka usiku mwa chiphuphu, ena amapopedwa m'mathanki ndi m'malole panjira, ena ndi olowa kuchokera kunja. Kugulitsa mafuta popanda chiphaso cha MERA ndi mlandu, ndipo malonda amenewa amatalikitsa mzere womwe akudyerapowo.

Ubwino wake palibe angakutsimikizireni. Chinyengo chofala ndi kuthiramo palafini, madzi, kapena kuchepetsa muyezo ndi botolo lofinyidwa. Petulo wa palafini amachititsa injini kugogoda, kuvuta kulira m'mawa, kutulutsa utsi ndi kudetsa mapulagi. Dizilo wa palafini ndi woopsa kwambiri chifukwa dizilo weniweni ndi amene amafewetsa pampu ndi mainjekitala. Palafini ndi wouma, amazidya, ndipo kukonzetsa kwake kumaposa ndalama ya mafuta a miyezi ingapo. Madzi amachititsa dzimbiri, amatseka fyuluta, ndipo galimoto imadukiza pokwera mtunda.

Pali njira ziwiri zapafupi zoyesera. Donthezani petulo papepala loyera: weniweni amauma msanga osasiya chizindikiro, wosakaniza amasiya banga lamafuta. Kachiwiri, thirani pang'ono m'botolo loonekera mkati n'kudikira mphindi 10: madzi ndi zinyalala zimakhala pansi, ndipo petulo woyamwa madzi amaoneka wachifunga. Pothira, sefani ndi kansalu koyera. Njirazi zimagwira chinyengo chachikulu chokha, chaching'ono chimadutsa.

Ndili ndi chigayo ndi jenereta. Ndingagule bwanji m'chigubu, ndipo ndisunge motani?

Nthawi ya kusowa MERA imaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo. Ngati muli ndi chigayo, jenereta, thalakitala kapena pampu yothirira, pemphani chilolezocho mavuto asanayambe, muli ndi mapepala a bizinesi ndi umboni wa makinawo. Kuyamba kuchisaka mzere utafika kale kumsika ndi kuchedwa.

Posunga, gwiritsani ntchito chigubu chachitsulo kapena chapulasitiki yopangidwira mafuta, osati cha mafuta ophikira, chomwe chimafewa n'kumadontha pachivindikiro. Siyani mpata pang'ono pamwamba chifukwa mafuta amafufuma kukatentha. Ikani pamthunzi, m'kanyumba kapadera kopita mphepo, kutali ndi khitchini. Chomwe chimayaka ndi mpweya wa petulo, ndipo ndi wolemera, umayenda pansi mpaka kukapeza mbaula kapena koloboyi chipinda china. Nyumba zina zopsa nthawi ya kusowa zimapsa chonchi, chigubu chili kunsi kwa bedi. Moto wa petulo sazimitsa ndi madzi; khalani ndi ndowa ya mchenga pafupi. Musapope ndi pakamwa: petulo akalowa m'mapapo amavulaza koopsa.

Petulo wathu ali ndi ethanol, yemwe amakoka chinyezi, choncho musamusunge kupitirira miyezi iwiri kapena itatu. Dizilo amapirira kuposa apo ngati chigubu chili chotseka bwino, koma pothira musakhuthule mpaka pansi pomwe pamakhala madzi ndi litsiro.

Ochepa omwe ndapeza ndingawatalikitse bwanji?

Pimitsani mpweya wa matayala sabata iliyonse. Tayala lofewa limamwetsa mafuta. M'misewu yafumbi ngati yathuyi fyuluta ya mpweya imatsekeka msanga, iyeretseni kapena kusintha. Pa M1 yendani pa 80 m'malo mwa 110, kuthamanga sikufika. Pamzere zimitsani injini, musamailize kuti musunthe mita imodzi. Pewani kuyenda mpaka thanki kuuma: pampu ya petulo m'magalimoto ambiri imakhala m'thanki ndipo imaziziritsidwa ndi mafutawo, ikamayamwa mphepo ndi zinyalala zapansi imapsa. Ya dizilo ikauma imakoka mpweya ndipo siilira mpaka mutautulutsa.

Boma nalo limataya chiyani?

Pa lita iliyonse pali misonkho ndi ndalama zapadera, kuphatikizapo yokonzera misewu yomwe imapita ku Roads Fund Administration ndi yofikitsira magetsi kumidzi kudzera mu MAREP. Malita akachepa, ndalamazi zimachepa. Komanso oitanitsa akamagulitsa moluza, monga tafotokozera pa funso la kuletsa kukweza mtengo, ndalamazi zimachedwa kuperekedwa chifukwa zimatsekera dzenje lija. Msewu wosakonzedwa umamwetsa mafuta ambiri n'kuthyola masipuling'i, ndiye wagalimoto amalipira kachiwiri.

Mafakitale ndi mashopu akagulitsa zochepa, msonkho wa MRA nawo umatsika, pomwe boma likulipira zambiri kwa makontirakitala omwe makina awo akhala osagwira ntchito. Ndipo katundu wogulitsa kunja akachedwa kunyamuka, madola amachedwa kulowa, omwe ndi madola ofunika kugulira mafuta a mwezi wamawa.

Ethanol, njanji ndi sola sizingatipulumutse?

Chilichonse chimathandiza mbali yake. Malawi anayamba kusakaniza ethanol ndi petulo mu 1982, ndipo amapangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Muyezo wake umafika magawo 20 pa 100, kutanthauza kuti pa malita asanu, imodzi ingakhale yosafuna madola. Koma amadalira nyengo ya nzimbe, sakwana chaka chonse, ndipo salowa mu dizilo, yemwe ndi amene amayendetsa malole, mathalakitala ndi zigayo.

Njanji ya ku Nacala imatsitsa mtengo wonyamulira, ndipo sitima imodzi imanyamula katundu wa mathanki ambirimbiri. Imafupikitsa ulendo, koma mwini mafuta kudoko amafunabe madola ake.

Kwa munthu payekha, sola ndi yomwe ikuoneka phindu lake msanga. Pampu ya sola m'dimba imadula pogula koma siima pamzere, ndipo imagwira bwino miyezi yomweyo ya dzuwa yomwe mafuta amasowa. Chigayo chomwe chili pafupi ndi mawaya a ESCOM n'chanzeru kuchisinthira ku mota ya magetsi, injini ya dizilo n'kuisunga ngati yapadera. Magetsi athu ambiri ndi a madzi a mu Shire, sadalira doko, ngakhale nawo ali ndi tsoka lawo: namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, kuthimathima kunakula, majenereta anachuluka, ndipo dizilo anafunika kwambiri chaka chomwe mtengo wake kunja unali pamwamba.

Mafuta akayamba kupezeka, mitengo ya zinthu imatsika?

Ina imatsika, ina ayi. Ya kabaza ndi minibasi imatsikako pakatha masiku angapo chifukwa magalimoto akabwerera pamsewu amalimbirana okwera, ngakhale kawirikawiri siifika pomwe inali. Ya mugolosale imachedwa, poti katundu ali pashelefuyo anabwera pa thiransipoti yodula ndipo mwini wake safuna kuluza. Amadikira athe kaye. Ngati kusowako kwatha chifukwa mtengo wa pa pampu wakwezedwa kapena kwacha yagwetsedwa, musayembekezere kutsika kulikonse, mtengo watsopanowo ndiye wakhazikika.

Mizere nayo siitha tsiku lomwe mathanki achuluka. Aliyense amadzazitsa thanki ndi chigubu poopa mawa, ndiye masiku oyambirira dziko limagula kuposa muyezo wake wa tsiku. Pamafunika sabata kapena awiri mathanki akubwera mosadukiza kuti anthu ayambenso kuthira malita asanu n'kumapita. Chizindikiro chodalirika choti zatha ndi mavenda: mukaona mabotolo a petulo achoka m'mphepete mwa msewu ndipo mnyamata uja wabwerera kukagulitsa chinangwa, ndiye kuti pampu yayambadi kudontha.